Ka MP3 kokuperekezani pothamanga: kakonzeni kunyumba, pamsewu muzingoyenda

Ndimatuluka m'nyumba pa Chitakale nthawi ya 5 koloko m'mawa, n'kulowera msewu wa ku Likhubula, ndipo ndimatembenuka dzuwa lisanasuzumire kuseri kwa phiri la Mulanje. Masiku ena ndimathamanga, masiku ambiri ndimangoyenda mwandawala. Poyamba ndinkanyamula foni yanga yaikulu kuti ndizimvera nyimbo. Inkandimenya ntchafu m'thumba njira yonse, mauthenga a WhatsApp ankadula nyimbo pakati, ndipo pofika masana batire inali itatha, magetsi nawonso atathima. Ndiye ndinagula ka MP3, kachipangizo koimbira nyimbo, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kopanira pamalaya. Foni inayamba kutsala kunyumba.

Chomwe ndaphunzira m'zaka zimene ndayenda nako n'chakuti ntchito yonse ya kachipangizoka imagwiridwa muli pakhomo. Mukaponda msewu, manja asakakhudzenso, maso akhale kutsogolo, khutu limodzi likhale la msewu. Zonse zili m'munsimu zikulondolera kumeneko.

1. Posankha, funsani ndipo yesani

Musakopeke ndi mtundu wowala kapena kagalasi kakakulu. Pa masewera olimbitsa thupi chofunika ndi mabatani enieni, odina ndi chala osayang'ana, chifukwa chala cha thukuta sichigwira bwino pagalasi. Kakhale ndi chopanira, polowetsa memory card yaing'ono ija ya microSD, bowo la mahedifoni wamba la 3.5 mm, ndi batani lotsekera mabatani ena onse, lomwe nthawi zambiri limalembedwa kuti Hold kapena limakhala ndi chithunzi cha loko. Kakakhala ndi wailesi ya FM, ndiye mwapata.

Pitani kusitolo, kaya pa Chitakale, ku Luchenza kapena ku Limbe, mutanyamula memory yanu yomwe muli nyimbo kale ndiponso mahedifoni anu. Safunsa anadya phula. Lowetsani memory, imbani nyimbo, gwedezani waya pomwe walowera kuti mumve ngati mawu akudukaduka. Kenako kazimitseni nyimbo ili pakati n'kukayatsanso. Kabwino kamapitiriza pomwe kanalekera, kachabe kamayambiranso nyimbo yoyamba, ndipo zimenezi zidzakutopetsani tsiku lililonse.

Pabokosi pakalembedwa IPX4, ndiye kuti kamapirira madontho ndi thukuta koma osati kumira. IPX7 kamapirira ngakhale katagwera m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Popanda cholembedwa chilichonse, kaoneni ngati kosagwirizana ndi madzi. Ma iPod ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka, koma kampani ya Apple inasiya kupanga mu 2022, mabatire ake ambiri ndi otopa, ndipo kuikamo nyimbo kumafuna pulogalamu yakeyake pakompyuta. Ine sindingakulimbikitseni. Ngati ndalama yavuta, foni ya mabatani yolowa memory imagwira ntchito yomweyi, ndipo malangizo onsewa akuikhudzanso.

2. Memory card: yaing'ono yeniyeni imaposa yaikulu yabodza

Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi iliyonse. Nyimbo ya mphindi zinayi ndi 4 MB. Memory ya 8 GB, tsono, imasunga nyimbo zoyandikira 1,800. Mungazimvere liti zonsezo? Kwa munthu wothamanga 8 GB kapena 16 GB ndi yokwana. Musadutse 32 GB, chifukwa timachipangizo tambiri totsika mtengo timangowerenga memory yokonzedwa mwa FAT32, ndipo ma memory akuluakulu amabwera atakonzedwa mwa mtundu wina.

Ine ndinapsa nazo. Ndinagula memory yolembedwa 64 GB kwa mnyamata wina wogulitsa pa depoti, mtengo wake wokoma zedi. Nyimbo zoyamba zinalowa bwino. Nditawonjeza zambiri, mayina ankaoneka koma nyimbo zosaimba, zina zikusanduka zilembo zosawerengeka. Mkati mwake inali memory yaing'ono yomwe anainamiza kuti izidzitchula yaikulu. Zimene zinandipweteka si ndalama ayi, koma nyimbo za kwaya ya kwathu zomwe ndinajambula ndekha ndipo sindinasunge kwina.

Choncho memory yatsopano iyeseni musanaikhulupirire. Idzazeni mpaka pakamwa ndi mafayilo alionse, mavidiyo amadzaza msanga, kenako tsegulani omwe munaika pomaliza ndi ena apakati. Akatseguka onse, ndi yeniyeni. Mukatero ifufuteni yonse, chomwe a kompyuta amati kufomata, ndipo ngati ka MP3 kanu kali ndi poifomatira, chitirani momwemo.

3. Kuika nyimbo

Njira zilipo zitatu. Mutha kulumikiza ka MP3 ku kompyuta ndi waya wa USB, kamaoneka ngati flash wamba, n'kukoperamo. Mutha kuika memory m'foni yanu yaikulu, kusamutsiramo nyimbo, n'kuibweza. Kapena mutha kupita kwa anyamata obena nyimbo pamsika.

Kobenerako chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi vayirasi: mukabwerako n'kupeza mafoda anu asanduka ma shortcut, nyimbo zosaoneka, ndiye kuti memory yatenga matenda pakompyuta yawo. Nthawi zambiri nyimbo zimakhala zangobisika, koma njira yachidule ndi kufomata n'kuikanso, n'chifukwa chake muzikhala ndi kope lina pa flash kapena pakompyuta ya mnzanu. Chachiwiri, musalole kuti akuthireni nyimbo 500 zomwe iwo akonda. Pitani ndi pepala lolemba zomwe mukufuna. Ndipo poti oimba athu amadyera momwemo, gulani kwa amene ali ndi chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba ndi aluso ena, kapena kwa oimba eni ake pamene zingatheke.

Uzani wokuikirani kuti zonse zikhale MP3. Mafayilo a M4A ndi mawu otumizirana pa WhatsApp, omwe amakhala a opus, timachipangizo tambiri sitiwaimba, timangowadumpha kapena kulemba kuti fayilo ndi yolakwika. Pomaliza musangozula waya. Dinani kaye pochotsera bwino pakompyuta, dikirani ikuuzeni, ndiye zulani.

4. Yalani nyimbo molingana ndi miyendo yanu

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, ndipo ambiri amapadumpha. Amathira nyimbo zonse m'foda imodzi, n'kuyatsa shuffle, yomwe imaimba nyimbo mosakaniza, mosatsata ndondomeko. Zotsatira zake, ali pakati pa chitunda, phuma lili wefuwefu, kukubwera nyimbo yodekha ya pamaliro. Amaima, kutulutsa kachipangizo, kufunafuna ina, thupi lazizira. Ena amachita zimenezi akuyendabe, maso ali pansi, pamsewu wodutsa galimoto.

Yambani ndi kudziwa mayendedwe anu. Mawa m'mawa, mukayenda mphindi zisanu thupi litamasuka, werengani mapazi omwe mwaponda pa masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri. Munthu woyenda mwandawala amapeza pakati pa 110 ndi 125 pa mphindi. Wothamanga pang'onopang'ono amapeza 150 mpaka 170. Nambala imeneyo ndi yanu, isungeni.

Madzulo khalani pakhonde ndi nyimbo zanu. Iliyonse muiwerenge chimodzimodzi: gogodani phazi motsata ng'oma kwa masekondi 30, chulukitsani kawiri. Nyimbo yomwe kugunda kwake kwayandikira nambala yanu ndi imene idzakunyamuleni. Amapiano ambiri amagunda cha m'ma 110 mpaka 115, ndiye amakwanira bwino pa ndawala. Nyimbo za reggae zimamveka zodekha, cha m'ma 75 kapena 80, koma mukamaponda mapazi awiri pa kugunda kumodzi zimafika 150 kapena 160, ndipo zimathamangitsa mokoma kuposa mmene mungaganizire. Makolasi a kwaya oimba ndi m'manja, manganje ndi ng'oma za tchopa, zimenezo ndimazisungira pachitunda. Ng'oma ikamayankhana, mwendo suzengereza.

Tsopano pangani foda imodzi ya ulendo umodzi. Yanga ya mphindi 40 ili ndi nyimbo khumi. Ziwiri zoyamba ndi zodekha, zotenthetsera thupi ndikudutsa pakati pa nyumba anthu akusesa pabwalo. Zisanu ndi imodzi zotsatira ndi za liwiro langa lenileni. Ziwiri zomaliza ndi zoziziritsa, nthawi zambiri zauzimu, zondifikitsa pakhomo mtima utakhazikika. Yachinayi ndinaisankha dala chifukwa ndi nthawi yomwe ndimafika pamtunda wina wondivuta, minda ya tiyi ili uku ndi uku, ndipo ng'oma yake imayamba ndendende pamene miyendo ikufuna kukana.

Kutsogolo kwa dzina la nyimbo iliyonse lembani nambala: 01, 02, 03 mpaka 10. Musaiwale ziro uja, apo ayi 10 idzabwera 2 isanaimbe. Timachipangizo tina sititsata mayina, timaimba motsata mmene nyimbo zinalowera m'memory. Ngati kanu n'kotero, pangani foda yatsopano n'kukoperamo imodziimodzi mwa ndondomeko yake. Shuffle izimitseni.

Ubwino wina wa foda yotere ndi wakuti imasanduka wotchi. Nyimbo yachisanu ikatha, ndimatembenuka, kaya ndafika pati. Sindiyang'ana nthawi. Ndipo mwezi ukamapita mumaona nokha kuti nyimbo yachisanu ija, yomwe inkathera pa mlatho, tsopano ikuthera patsogolo pake. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita masewera otulutsako thukuta mphindi zosachepera 150 pa sabata. Amenewo ndi maulendo asanu a mphindi 30, kapena kuti nyimbo zisanu ndi zitatu pa ulendo. Ngati mukungoyamba kumene, yambani ndi foda ya nyimbo zinayi, muziwonjeza imodzi sabata iliyonse. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Amene ali ndi vuto la mtima, BP yokwera kapena shuga, ayambe akambirana ndi achipatala za liwiro lowayenera.

Chotsiriza pa gawoli: imvereni foda yonse kamodzi muli pakhomo. Nyimbo zobenedwa kosiyanasiyana zimasiyana mphamvu, ina yapansipansi, yotsatira yophulika. Yomwe ikusiyana kwambiri ndi zinzake ichotseni, ingakukakamizeni kugwira voliyumu panjira.

5. Kavalidwe kake

Kapanireni pa lamba wa kabudula kapena pa kolala, osati m'thumba la pachifuwa lokhudza khungu. Koyamba kanga kanafera momwemo. Thukuta lili ndi mchere, ndipo linalowa pang'onopang'ono pabowo lotchajira mpaka zitsulo zake zinachita dzimbiri. Waya wa mahedifoni mupititse mkati mwa malaya, utulukire pakhosi, musiyeko pang'ono kuti mutu uzitha kutembenuka. Waya wolendewera kunja umakodwa m'dzanja kapena m'nthambi, ndipo umathothokera pomwe walowera.

Kuno kwathu chinyezi sichisowa. Miyezi ya June ndi July chiperoni chikagwa, mvumbi wake suoneka ngati mvula, koma mukayenda theka la ola malaya onse anyowa. Masiku otero ndimakaika m'kapepala ka pulasitiki koyera, kothina, waya n'kutulukira pansi, pakamwa pake n'kumanga ndi kampira. Bowo la waya liloze pansi kuti madzi otsetsereka pawaya asalowe. Mabatani amadinikabe kudzera papepalapo. Mvula ya mabingu ndi ziphaliwali ikayamba, ulendo watha, pezani nyumba yobisalamo.

Yatsani foda yanu muli pakhomo, tsekani Hold, ndiye tulukani.

6. Makutu anu, ndi khutu la msewu

Voliyumu muikonzere m'nyumba muli zii, isadutse magawo asanu ndi limodzi pa khumi. Ngati kanu kamafika 30, imani pa 18 kapena kutsikirapo. Mukakonzera panja pali phokoso mudzakweza mosadziwa. A WHO amati phokoso la ma decibel 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu wamkulu angalimve maola 40 pa sabata popanda vuto, koma likafika 90 nthawi yake imatsika kufika maola anayi okha. Poti palibe amene amayenda ndi choyezera, yesani motere: munthu ataima pa mtunda wa mkono umodzi n'kulankhula mwachizolowezi, muzimumva. Mukavula mahedifoni m'makutu n'kumalira kuti ngwii, kapena mawu a anthu n'kumamveka ngati akuchokera m'mphika, mwapyola. Tizigawo ta mkati mwa khutu tomwe phokoso limawononga sitimeranso, ndipo kugontha kotere kumabwera mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira patapita zaka.

Pamsewu yendani mbali ya kumanja, moyang'anizana ndi galimoto zomwe zikubwera, poti kuno galimoto zimayenda kumanzere. Mukatero msewu uli kudzanja lanu lamanzere, ndiye khutu lamanzere likhale lopanda kanthu. Kahedifoni ka mbali imeneyo kalowetseni m'malaya. Nyimbo idzachepako kukoma, zida zina zimamvekera mbali imodzi, koma mudzamva belu la kabaza. Njinga yakapalasa yonyamula matumba a makala kapena mulu wa nanazi potsetsereka siimva mabuleki msanga, ndipo imabwera mwakachetechete. Palinso njinga zamoto, minibasi zokhotera mwadzidzidzi kukanyamula munthu, mathirakitala okoka ngolo za masamba a tiyi, ndi agalu. Mukamatuluka kusanache, valani malaya owala.

Tinjira ta m'minda ya tiyi ndi tokoma kuthamangamo, dothi lake lofewa silipweteka mawondo, koma mindayo ili ndi eni ake. Pemphani kaye kwa alonda.

Khutu lotsegulalo si la ngozi zokha. M'mawa mumakumana ndi amayi akupita kothyola tiyi, madengu ali kumsana, ndipo wina akati "Mwadzuka bwanji, achimwene?" n'zochititsa manyazi kudutsa ngati chitsa. Mukakumana ndi achikulire oti muime nawo, vulani zonse ziwiri musanapereke moni. Mukaona masamba atayalidwa pamsewu, pali maliro. Apanjinga amatsika, azipewa amavula, inunso vulani mahedifoni, lekani kuthamanga, yendani mpaka mudutse masamba a mbali inayo.

Kuphiri ndiye ayi ndithu. Mukayamba kukwera kuchokera ku Likhubula kulowera ku Chambe kapena ku Lichenya, kazimitseni n'kukaika m'chikwama. Kumeneko muyenera kumva wokulondolerani njira akamaitana, kumva mtsinje ngati wayamba kukokoma chifukwa cha mvula yogwa kumtunda, ndi kumva mwala ukagubuduka. Nkhungu ya phiri ili imatsika mofulumira, ndipo ikatseka maso, makutu ndi omwe amatsala. Ngakhale amene mukukonzekera mpikisano wothamanga paphiri wa Porters Race, nyimbo zithere m'misewu ya kumunsi.

7. Mukabwerako

Pukutani ka MP3 ndi kansalu kouma, makamaka m'mabowo. Pukutaninso mahedifoni, ndipo kamodzi pa sabata chotsani litsiro la m'khutu patimabowo take ndi mswachi wakale wouma. Nthawi zambiri anthu amati hedifoni yafa mbali imodzi pomwe yangotsekeka. Musabwerekane mahedifoni olowa m'khutu, matenda a m'makutu amayendera momwemo. Waya muzikulunga momasuka pa zala zitatu, osati mothina mozungulira kachipangizo.

Batire yake ndi ya lithium ngati ya foni. Siifuna kuphwa mpaka kuzima, ndiye itchajeni ikatsala kamzere kamodzi. Chaja wamba ya USB ya 5V ikwanira, pawa banki kapena sola yaing'ono nazonso zimatchaja, ndipo poti batire yake ndi yochepa, imadzaza msanga. Mdani wake ndi kutentha. Musakasiye pawindo lowomba dzuwa kapena kutsogolo kwa galimoto, makamaka mu October. Mukaona katupa ngati kakufuna kung'ambika, lekani kukatchaja pomwepo, ndipo musakaponye pamoto.

Kakanyowa, kazimitseni msanga, chotsani memory ndi waya, kaikeni pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri. Musakayatse kuti muone ngati kakugwirabe, ndipo musakatchaje. Magetsi akadutsa m'kati muli madzi ndi pamene kamapsa.

8. Masana ndi madzulo

Ulendo wa m'mawa ukatha, kamagwirabe ntchito. Pangani mafoda ena: ya pochapa, ya kumunda, ya pa minibasi yopita ku Limbe, ya Lamulungu. M'menemo ndi momwe shuffle imakomera. Pa minibasi pokha dzigwireni, chifukwa injini ndi sipika ya dalaivala zimakukakamizani kukweza. Ndi bwino kuvala mahedifoni okhala ndi timphira totseka khutu n'kusiya voliyumu pomwe inali, kusiyana ndi kulimbana ndi phokoso kuyambira Thyolo mpaka Bvumbwe.

Wailesi ya FM siigwira popanda mahedifoni a waya, chifukwa wayayo ndiye mlongoti wake. Mawu akamaphwanyika, tambasulani waya kapena sunthani pang'ono, pakuti kufupi ndi phiri malo ena amagwira bwino kuposa ena. Ine nkhani za m'mawa za MBC kapena Zodiak ndimamvera pamenepo ndikusamba m'manja kuti ndimwe tiyi.

Si nyimbo zokha zomwe zingalowemo. Baibulo lowerengedwa m'Chichewa, maulaliki, ngakhale notsi za mwana wokonzekera mayeso a MSCE zomwe wadziwerengera yekha n'kujambula, zonse zimaimba bola zikhale MP3. Mafayilo ataliatali otere ndi amene amafuna kachipangizo kokumbukira pomwe kanalekera, kaja munayesa kusitolo. Usiku gwiritsani ntchito sleep timer kuti kazizima kokha pakatha mphindi 20 kapena 30, makutu apume, batire isaphwere pabedi. Magetsi akathima banja lili pamodzi, waya wa aux wolumikiza ku sipika kapena ku wailesi ya mabatire umachititsa kuti aliyense amve nawo.

Lamulungu madzulo ndimatenga mphindi khumi. Ndimakatchaja, ndimachotsa nyimbo ziwiri kapena zitatu zomwe khutu lazolowera m'foda ya ulendo, n'kuikamo zina za kugunda komweko pa manambala omwewo. Kenako ndimabweza foda pa 01, kutseka Hold, n'kukaika mkati mwa nsapato ya kumanja pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi kapepala kaja ka chiperoni.